KUMMWERA KWA AFRICA: Kachitsulo ka timabowo komwe kagwira tsogolo la madishi olankhula ndi zombo zakutali

JOHANNESBURG — M'chigwa cha Hartebeesthoek, makilomita oposa 50 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg, muli dishi yaikulu yotambalala mamita 26 yomwe yakhala ikutchera khutu kumwamba kuyambira m'chaka cha 1961. Ana a sukulu ndi alendo omwe amafika pamalopa amachita chidwi ndi kukula kwake. Koma kwa mainjiniya odziwa ntchitoyi, mphamvu ya dishi yotere siigona m'kukula kokha ayi. Igonanso m'kachipangizo kena kosaoneka kutali, komwe ntchito yake ndi kulekanitsa mafunde a wailesi, ena kuwalola kudutsa, ena kuwabweza.

Kachipangizoka pa Chingerezi amakatcha dichroic plate. Pa Chichewa tingangoti ndi sefa ya mafunde. Pa madishi ambiri olankhula ndi zombo za m'mlengalenga, sefayi imakhala chitsulo chokhuthala chobooledwa timabowo tambirimbiri tofanana, tondandalikidwa mwadongosolo. Ndi sefa imeneyi yomwe imachititsa kuti dishi imodzi ithe kumva ndi kulankhula pa mabandi awiri kapena atatu nthawi imodzi, m'malo momanga dishi yakeyake ya bandi iliyonse.

Nkhaniyi yafika pakhomo pa maiko a kummwera kwa Africa kaamba koti maiko olemera ayambanso kufuna malo kuno omangapo masiteshoni olumikizirana ndi zombo zopita kumwezi ndi kupitirira apo. Funso lomwe layang'anizana ndi chigawochi ndi lakuti kodi chidzangobwereketsa malo ndi thambo lopanda mitambo, kapena chidzakhalanso ndi dzanja pa luso lopanga zipangizo zomwe zili mumtima mwa madishiwo.

Mzere watalika pa madishi ochepa

Bungwe loona za m'mlengalenga la dziko la America, la NASA, limalankhula ndi zombo zake zakutali kudzera m'masiteshoni atatu okha: la Goldstone ku California, lina kufupi ndi Madrid ku Spain, ndi lina kufupi ndi Canberra ku Australia. Masiteshoniwa, omwe pamodzi amatchedwa Deep Space Network, adayalidwa motalikirana mozungulira dziko kuti pamene chombo chikulowa kwa siteshoni imodzi chizikhala chikutulukira kwa inzake. Iliyonse ili ndi dishi imodzi ya mamita 70 ndi madishi angapo a mamita 34.

Madishiwa ndi ochepa poyerekeza ndi zombo zofuna kumvedwa. Lipoti la ofesi yofufuza kayendetsedwe ka ntchito m'bungwe la NASA, lomwe lidatuluka mu Julaye 2023, lidati nthawi zina maola omwe zombo zimapempha amaposa omwe alipo ndi 40 peresenti. Vutoli lidaonekera poyera kumapeto kwa chaka cha 2022, pamene chombo cha Orion chidazungulira mwezi pa ulendo wa Artemis I. Maola ochuluka adapatsidwa kwa Orion ndi timasetilaiti ting'onoting'ono tomwe tidanyamuka nayo, ndipo zombo za sayansi, kuphatikizapo makina oonera kutali a James Webb, zidachita kudikira pamzere.

Kuchepa kwa madishi kumapweteka kwambiri kummwera kwa dziko lapansi. Chombo cha Voyager 2, chomwe chidanyamuka m'chaka cha 1977, chidalowera kummwera kwakuti dishi yokhayo yotha kuchitumizira malamulo ndi ya mamita 70 ya ku Canberra. Dishiyi itatsekedwa mu Malichi 2020 kuti ikonzedwe, panapita miyezi yambiri chombocho chisakulandira mawu aliwonse ochoka padziko lapansi.

Kumanga dishi yatsopano kumadya ndalama zankhaninkhani ndiponso zaka zingapo. N'chifukwa chake mabungwe amafunitsitsa kuti dishi iliyonse yomwe ilipo igwire ntchito pa mabandi ambiri momwe ingathere. Apa ndi pomwe sefa ya mafunde ilowera.

Momwe sefayi imagwirira ntchito

Bungwe la International Telecommunication Union lidapatula mabandi atatu akuluakulu oti azigwiritsidwa ntchito polankhula ndi zombo zomwe zili pa mtunda woposa makilomita 2 miliyoni. Pa bandi ya S, zombo zimatumiza uthenga pa 2.3 GHz, ndipo funde lililonse limatalika pafupifupi masentimita 13. Pa bandi ya X zimatumiza pa 8.4 GHz, funde lake ndi la masentimita 3.6. Pa bandi ya Ka zimatumiza pa 32 GHz, ndipo funde lake silikwana n'komwe sentimita imodzi. GHz imodzi ndi mafunde biliyoni imodzi pa sekondi.

Bandi iliyonse ili ndi ubwino wake. Mafunde aatali a S sasokonezeka kwambiri ndi mvula ndipo sachita kufuna kuloza dishi mosamalitsa, choncho ndi odalirika chombo chikakhala pamavuto. Mafunde aafupi amanyamula uthenga wochuluka. Gawo lomwe lidapatulidwira bandi ya Ka ndi lotambalala kakhumi kuposa la bandi ya X, koma mafunde akewo amafooka msanga akakumana ndi mitambo ya mvula. Zombo zambiri zimanyamula mabandi awiri pofuna kupeza zabwino zonsezi.

Dishi imasonkhanitsa mafunde onse pamalo amodzi, koma bandi iliyonse imafuna kalipenga kake kolandirira ndi makina akeake. Malipenga awiri sangakhale pamalo amodzimodzi. Njira yomwe mainjiniya adapeza ndi yoika chitsulo cha timabowo mopendeketsa panjira ya mafundewo. Mafunde aafupi amaloŵa m'timabowoto n'kutulukira kuseri, komwe lipenga loyamba likuwadikira. Mafunde aatali sakwana m'timabowoto, motero chitsulocho chimawabweza ngati kalilole n'kuwatembenuzira ku lipenga lachiwiri.

Aliyense yemwe adasefapo ufa wochoka kuchigayo akudziwa kale chiyambi cha nzeruyi: wosalala umagwa, misere imatsala pamwamba. Chitsanzo china chili pa chitseko cha mbaula ya microwave. Kawaya ka timabowo komwe kali m'galasi lake kamalola kuwala kutuluka kuti wophika aone chakudya, koma kamatsekereza mafunde otenthetsa, omwe ndi aatali pafupifupi masentimita 12.

Lamulo lake n'lakuti funde limadutsa m'bowo lachitsulo ngati bowolo latambalala kuposa theka la kutalika kwa fundelo. Choncho sefa yodutsitsa bandi ya X ndi kubweza ya S imakhala ndi mabowo otambalala mopitirira pang'ono masentimita 2, pomwe yodutsitsa bandi ya Ka imakhala ndi timabowo ta pafupifupi theka la sentimita.

Kachilema kakang'ono, mtengo waukulu

Kusiyana kwa sefa ya ufa ndi ya mafunde n'kwakuti iyi ya mafunde siiloledwa kutaya kanthu. Uthenga wochoka kutali umafika utafookeratu. Makina otumizira mawu a chombo cha Voyager 1 ali ndi mphamvu ya mawati 23 okha, yosaposa ya babu wamba, chonsecho pofika m'chaka cha 2024 chombocho chidali chitapitirira makilomita 24 biliyoni. Kuti kanong'onong'o kotere kamveke, makina olandirira amaziziritsidwa kwambiri pofuna kuchepetsa msokosero womwe chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa.

Mainjiniya amayeza msokoserowu pa madigiri a Kelvin, muyeso womwe umayambira pa kuzizira kotsiriza. Dishi yabwino ya bandi ya X imakhala ndi msokosero wa pakati pa madigiri 20 ndi 30, pomwe chitsulo chomwe chili pa kutentha wamba chimakhala pa madigiri pafupifupi 290. Ngati sefa imeza 2 peresenti yokha ya uthenga, imawonjezera madigiri pafupifupi 6 a msokosero, kuwonjezera pa uthenga wotayikawo. Pa dishi ya madigiri 20, kumeneku ndi kukweza msokosero ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zili ngati kumanga dishi yaikulu ndi ndalama zambiri kenako n'kudulako mbali ina.

Motero wopanga sefa amayenera kugwirizanitsa zinthu zingapo zomwe zimakokanakokana. Choyamba ndi kukhuthala kwa chitsulo. Funde likafika pakhomo pa bowo, kagawo kena kamabwerera, ndipo likafika potulukira kagawo kenanso kamabwerera. Kukhuthalako kumasankhidwa mwakuti magawo awiri obwererawo azifafanizana, funde lonse n'kudutsa. Koma kufafanizanaku kumachitika bwino pa kachigawo kochepa ka bandi, pomwe dishi imafunika kutumiza malamulo pa 7.1 GHz ndi kulandira mayankho pa 8.4 GHz kudzera m'sefa imodzimodziyo.

Chachiwiri ndi kutalikirana kwa mabowo. Akatalikirana mopitirira muyeso, mphamvu ina imamwazikira kumbali komwe kulibe lipenga. Akayandikana kwambiri, timakoma ta pakati pawo timapyapyala ndipo chitsulo chimapindika pochidula.

Chachitatu ndi kupendekeka. Kaamba koti sefa imaikidwa mopendeka, kawirikawiri pa madigiri 30, bowo lozungulira limaoneka lophwatalala kwa funde lomwe likubwera. Zombo zakutali zimatumiza mafunde oyenda mopota, ndipo bowo looneka lophwatalala limasokoneza kupotako. Ichi n'chifukwa chake mabowo a masefa enieni sakhala ozungulira kwenikweni. Ena amaphwanyidwa mbali ziwiri, ena ndi a ngodya zinayi, ena amadulidwa ngati mtanda.

Chachinayi ndi mphamvu. Sefa yomwe ikudutsitsa kanong'onong'o ka chombo ndi yomwenso imadutsitsa mphamvu ya makilowati 20 kapena kuposerapo pamene dishi ikutumiza malamulo. M'mbali mwa bowo mukakhala pakuthwa, magetsi angathe kuthetheka ndi kudzetsa msokosero womwe umaphimba uthenga wonse. Pomaliza, chitsulo chodulira mabowo chimasiya ngodya zobulungira pang'ono, ndipo pa bandi ya Ka kulakwitsa kochepa ngati kukhuthala kwa tsitsi kumasuntha bandi yomwe sefa ikudutsitsa.

Ntchitoyi idayamba kukhwima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku Jet Propulsion Laboratory ku California, pamene dishi ya mamita 64 idaikidwa sefa kuti izilandira mabandi a S ndi X pamodzi, pokonzekera chombo cha Mariner 10 chomwe chidanyamuka m'chaka cha 1973. Zombo za Voyager nazo zidanyamula sefa yawoyawo, yogwira ntchito mosemphana: imabweza bandi ya X ndi kudutsitsa ya S. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, madishi atsopano a mamita 34 adayamba kutsitsira mafunde m'chipinda chapansi kudzera m'akalilole achitsulo, ndipo m'chipindamo masefa ndi malipenga amaikidwa motetezeka ku mvula ndi dzuwa. Bungwe la maiko a ku Ulaya la ESA lidatsata njira yomweyo pa madishi ake a mamita 35 a ku New Norcia ku Australia, Cebreros ku Spain ndi Malargüe ku Argentina, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya Pavia ku Italy adagwira nawo ntchito yokonza masefa ake.

Phunziro la 1974

Dziko la South Africa si lachilendo m'nkhaniyi. Dishi ya ku Hartebeesthoek idamangidwa ndi NASA m'chaka cha 1961 ndipo inkadziwika kuti Deep Space Station 51. Bungwe la kafukufuku la boma la South Africa, la CSIR, ndilo linkaiyendetsa m'malo mwa NASA. Idalondola zombo za Ranger, Surveyor ndi Lunar Orbiter zopita kumwezi, komanso za Mariner ndi Pioneer. Mu Julaye 1965 idali pakati pa masiteshoni omwe adalandira zithunzi zoyamba zojambulidwa pafupi ndi pulaneti ya Mars, zochokera ku Mariner 4. Uthengawo unkabwera pa liwiro la mabiti 8 ndi kachigawo pa sekondi, mwakuti chithunzi chimodzi chinkatha maola angapo.

Koma iyo idali nyengo ya ulamuliro wa tsankho. Aphungu ena a nyumba ya malamulo ya America, mmodzi mwa iwo Charles Rangel, adadzudzula boma lawo poika ndalama pa siteshoni yomwe ogwira ntchito akuda ankasalidwa. M'chaka cha 1974 NASA idachoka pa dishiyo, ndipo ntchito yake idasamukira ku masiteshoni a ku Spain. Akuluakulu adanena kale kuti mlendo ndi mame.

Chomwe chidapulumutsa dishiyo n'chakuti anthu odziwa kuikonza ndi kuisintha adali a konkuno. Motsogozedwa ndi George Nicolson, adaisandutsa malo ofufuzira nyenyezi pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, ndipo pang'onopang'ono adaiwonjezera makina olandirira a mabandi atsopano. Mwa zowonjezerazo mudali kalilole wosefa mafunde, yemwe amailola kumva mabandi a S ndi X nthawi imodzi. Malipoti a siteshoniyi amasonyeza poyera mtengo wake: kaliloleyo akakhala panjira ya mafunde, msokosero umakwera pa mabandi onse awiri kusiyana ndi pamene wachotsedwa.

Mtengowo adaulola chifukwa cha phindu lake. Madishi a m'maiko osiyanasiyana akayang'ana pamodzi milalang'amba yakutali kwambiri, kusiyana kwa nthawi yomwe funde lafikira pa dishi iliyonse kumaulula mtunda wa pakati pawo. Koma mpweya wa kumtunda kwa thambo umachedwetsa mafunde, ndipo umachedwetsa aatali kuposa aafupi. Kumva mabandi awiri pamodzi kumapatsa akatswiri njira yowerengera kuchedwako ndi kukuchotsa. Mwa njira imeneyi zidadziwika kuti nthaka ya pa Hartebeesthoek ikusuntha pafupifupi masentimita 2.5 pa chaka kulowera kumpoto chakum'mawa. Miyeso yomweyi imalondolanso kazunguliridwe ka dziko lapansi, komwe masetilaiti a GPS amadalira kuti asasokere. Woyeza malire a munda ku Chipata ndi woyendetsa lole pamsewu wa ku Tete amadya nawo zipatso za ntchitoyi mosadziwa.

Dishiyi idaimanso mu Okutobala 2008 bering'i yake yaikulu itawonongeka, ndipo idayambiranso ntchito m'chaka cha 2010 itakonzedwa. Kuyambira m'chaka cha 2017 ili pansi pa bungwe la South African Radio Astronomy Observatory.

Matjiesfontein ndi mphepo ya ndale

Mu Novembala 2022, NASA ndi boma la South Africa adasainirana chikalata chosonyeza cholinga chogwirira ntchito pamodzi, ndipo adakumba nthaka poyambira siteshoni yatsopano ku Matjiesfontein, m'dera louma la Karoo, makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Cape Town. Dongosolo lomwe lidalengezedwa panthawiyo lidali loika madishi atatu a mamita apakati pa 18 ndi 24, ina ku White Sands ku America, ina ku Matjiesfontein, ina ku Australia, kuti azitumikira maulendo a kumwezi pa mabandi a X ndi Ka ndi kupeputsa katundu wa Deep Space Network. Bungwe la South African National Space Agency, SANSA, lomwe lidakhazikitsidwa mu Disembala 2010 ndipo lili ndi siteshoni yake yolondola masetilaiti pa Hartebeesthoek pomwepo, ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira malowo.

Kusankhidwa kwa Karoo kukulongosoleka ndi mabandi omwe. Dera la Johannesburg limalandira mvula ya mabingu m'dzinja, ndipo mafunde a Ka amafooka m'nyengo yotere. Ku Matjiesfontein mvula ndi yochepa, ndipo mawailesi ndi mafoni osokoneza ndi ochepanso.

Ngakhale zili choncho, mgwirizano wa maboma umayenda ndi mphepo ya ndale. Mu Sepitembala 2023, SANSA idasainirana ndi bungwe la dziko la China kuti South Africa itenge nawo mbali pa ntchito yomanga siteshoni ya kafukufuku kumwezi yomwe China ikutsogolera. Mu Febuluwale 2025 pulezidenti wa America, Donald Trump, adalamula kuti thandizo lopita ku South Africa liimitsidwe, ndipo mwezi wotsatira kazembe wa South Africa ku Washington, Ebrahim Rasool, adathamangitsidwa. Zifukwa zake n'zosiyana kotheratu ndi za 1974, koma phunziro ndi lomwe lija: siteshoni yodalira mwini chombo mmodzi imagwa tsiku lomwe mwiniyo watembenuka.

Apa ndi pomwe kachitsulo ka timabowo kasandukira nkhani ya chuma. Dishi yomva bandi imodzi ili ndi msika wopapatiza. Dishi yotha kusinthidwa kuti imve S, X ndi Ka ingathe kutumikira America, Ulaya, India, Japan, China komanso makampani omwe ayamba kutumiza zombo zawo kumwezi. Mabandi a maulendo a kumwezi, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, amasiyananso pang'ono ndi a zombo zakutali: makina a James Webb, mwachitsanzo, amatumiza zithunzi zake pa 26 GHz, osati pa 32. Sefa yokonzedwera bandi ina siingagwire bwino pa inzake. Siteshoni yomwe ili ndi anthu otha kujambula, kudula ndi kuyesa sefa yatsopano imatha kutsata makasitomala. Yomwe ilibe imadikira mlendo kuti adze ndi kalumo kakuthwa, ndipo imalipira mtengo womwe iye wanena.

Luso lilipo, koma njira si imodzi

South Africa ili ndi maziko a luso limeneli. Pulogalamu ya pakompyuta ya FEKO, yomwe mainjiniya padziko lonse amagwiritsa ntchito powerengera momwe mafunde amayendera akakumana ndi zitsulo, idakulira ku Stellenbosch pansi pa kampani ya EMSS isanagulidwe ndi kampani ya ku America ya Altair m'chaka cha 2014. Kuwerengera sefa kumayamba ndi bowo limodzi lomwe kompyuta imaliona ngati labwerezedwa mopanda malire, kenako wopangayo amakonzanso zotsatirazo poganizira kuti mafunde ochoka m'lipenga amafika pa mbali zosiyanasiyana za chitsulo atapendeka mosiyana. Yunivesite ya Pretoria ili ndi chipinda chapadera choyeseramo milongoti, ndipo ena mwa makina olandirira a madishi 64 a MeerKAT, omwe adatsegulidwa kufupi ndi Carnarvon mu Julaye 2018, adakonzedwa m'dziko momwemo.

M'pofunika kunenanso kuti sefa si yankho lokhalo. Madishi a MeerKAT alibe nayo ntchito: makina awo olandirira ali pa chozungulira chomwe chimabweretsa bandi imodzi panthawi, chifukwa nyenyezi sizichita kufuna kuyankhidwa. Pa Hartebeesthoek pomwepo, dishi ya mamita 15 yomwe idamangidwa m'chaka cha 2007 idaikidwa lipenga limodzi lomva S ndi X pamodzi, ndipo dishi yatsopano ya mamita 13 idakonzedwera lipenga lomva mabandi ambiri motsatizana. NASA nayo idapanga lipenga limodzi logwira X ndi Ka, ndipo kuyambira m'chaka cha 2023 idayesa kutumiza uthenga pa kuwala kwa laser kuchokera ku chombo cha Psyche.

Komabe njira iliyonse ili ndi malire ake. Lipenga lomva mabandi ambiri kawirikawiri silimva bandi iliyonse bwino ngati lipenga lopangidwira bandi imodzi, ndipo n'kovuta kulidutsitsa mphamvu yaikulu yotumizira malamulo. Kuwala kwa laser sikudutsa mitambo. Pomwe pakufunika kutumiza mwamphamvu ndi kumva mwakachetechete pa mabandi otalikirana, sefa idakali ndi malo ake. Chenicheni n'chakuti kusankha pakati pa njirazi kumafuna mutu womwewo wodziwa kuwerengera mafunde, ndipo mutu umenewo ndiye chuma chomwe chimatsala mlendo akachoka.

Gawo la maiko oyandikana nawo

Maiko asanu ndi atatu a mu Africa ndi abwenzi a South Africa pa ntchito ya madishi a Square Kilometre Array: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Dziko la Malawi silili pa mndandandawu. Maganizo omwe adalipo pachiyambi adali osandutsa madishi akale a matelefoni, omwe adasowa ntchito mawaya a intaneti apansi pa nyanja atafika, kukhala makina ofufuzira nyenyezi. Ku Ghana zidatheka: dishi ya mamita 32 ya ku Kuntunse idatsegulidwa pa ntchito yatsopanoyi mu Ogasiti 2017. Ku Zambia, siteshoni ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, idatchulidwa pa maganizo omwewo.

Dishi yakale yotere imakhala kuti chitsulo chake chachikulu chidakali cholimba. Chosowa ndi za m'kati: malipenga, masefa ndi makina olandirira a mabandi atsopano. Kuyambira m'chaka cha 2015, pulogalamu ya Development in Africa with Radio Astronomy, yomwe idayamba motsogozedwa ndi yunivesite ya Leeds ku Britain, idaphunzitsa achinyamata ochoka m'maiko abwenziwa, ndipo ena a iwo adakachitira maphunziro a manja pa Hartebeesthoek. Luso lomwe amaphunzira silithera kumwezi. Masamu omwe amalongosola sefa ya dishi ndi omwenso amagwira ntchito pa milongoti ya mafoni, makina oonera mvula ikadali kutali ndi makina otsogolera ndege, zinthu zomwe Malawi, Zambia ndi Mozambique amagula kunja pamodzi ndi anthu ozikonza.

Bungwe la African Space Agency lidatsegulidwa ku Cairo mu Epulo 2025, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kugwirizanitsa mfundo za maiko a mu Africa pa za m'mlengalenga. Pokambirana ndi mabungwe akunja ofuna malo, maboma amakonda kuwerenga ndalama za lendi, misewu ndi ntchito za zomangamanga. Mbiri ya Hartebeesthoek ikusonyeza kuti ndime zofunika kwambiri m'mapangano otere ndi zina: ndani adzajambule zipangizo za m'kati, ndani adzaziyese, ndani adzasunge mapulani ake, ndipo kodi dishi idzaloledwa kutumikira zombo za ena pamene mwini wake sakuigwiritsa ntchito.

NASA idagwiritsa ntchito dishi ya Hartebeesthoek kwa zaka 13. Anthu omwe adatsala nayo aigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 50, pa mabandi omwe oimanga sadaikonzere.